Kabokosi Katentha ku Ofisina ya Amalume

Lolemba, m'mawa

Kwacha kotentha. 6 koloko sinakwane koma malata a ofisina, shopu ya ukalipentala ya amalume, ayamba kale kuthetheka. Mitambo yaunjikana cha ku Chiuta, yakuda m'munsi, yongoopseza.

Makina aima kachitatu.

Ndilembe bwinobwino, mutu usazungulire. Makina ake ndi aja osema okha matabwa, amene amalume anagula ku Nampula chaka chatha atagulitsa njinga yamoto ndi ng'ombe ziwiri. Dzina lake lenileni ndi zilembo zitatu, CNC, koma muno mu Insaca aliyense amangoti Kompyuta. Umagoneka thabwa patebulo, umalimanga, umasankha chithunzi, umadina batani lobiriwira. Mota imazungulitsa dzino lachitsulo, dzinolo limayenda lokha n'kumasema maluwa.

Woyendetsa ndine. Si kuti ndine wophunzira, sukulu ndinalekezera kalasi ya 6. Kungoti tsiku limene tekiniku wa ku Nampula ankaphunzitsa, amalume anali pafoni, amuna enawo ankajambulitsa zithunzi atatsamira makina. Womvetsera ndinali ine ndekha, tsache lili m'manja.

Ndimawakonda makina amenewa. Akayamba kulira palibe angandilankhule. Munthu akabwera n'kuyasama, ndimangoloza khutu langa, iye n'kuchoka. Ntchito yabwino kuposa imeneyi kulibe.

Tsopano akusema mphindi khumi, kenako dzino likuleka kuzungulira. M'kabati ya pambali muli kabokosi kotuwa kamene kamalamula mota, tekiniku ankakatcha variyadori. Kakuonetsa zilembo zofiira. Ukakadikira kazizire, kakudzuka. Mphindi khumi, kagonanso.

Ine chavuta ndikuchidziwa. Kumsana kwa kabokosiko kuli kaventuinya kakang'ono, kopemerera mphepo kuti m'kati musatenthe. Kanali ndi kulira kwakekwake, fiii, pansi pa phokoso lonse lija. Sabata ziwiri zapitazo kanakhala chete. Ndinamva ndi khutu langali.

Patebulo pagona chitseko cha mlombwa cha Che Saidi, ogulitsa nsomba zouma aja. Akuchifuna Loweruka, poti Lamulungu mwana wawo akulowetsa mkazi m'nyumba yatsopano. Maluwa asanu ndi limodzi. Atha awiri ndi theka.

Amalume, akupukuta thukuta ndi chipewa: "Kompyuta ikapanda kudzuka sabata ino, iwe ubwerere ku Chiuta. Mlongo wanga akulira manja kumunda, mvula ili pakhomo. Sindingakusunge kuti uzisesa posesa kale."

Ku Chiuta! Kumene amayi aang'ono atatu amayamba kukufunsa tambala atangolira kuti ukwatiwa liti, ndipo kulibe makina oti uloze khutu.

Dongosolo langa:
1. Kuwauza amalume za kaventuinya.
2. Kukachotsa fumbi.
3. Kumaliza chitseko Lachitatu.
4. Kukhala kuno.

Zophweka.

Lolemba, madzulo

Ndagwada pafupi ndi benchi lawo monga ndinaphunzitsidwira, mawu ali okonzeka pakamwa. Ndinawayeserera kuseri kwa matabwa kasanu konse.

Ndangoti, "Amalume..."

"Eya, tiyi. Shuga usaumire."

Ndapanga tiyi.

Lachiwiri

Dzuwa lomwe lija. Ndafika molawirira kuti ndiwapeze okha, anthu asanabwere. Ndawapeza ali kale ndi Che Amidu, okonza mawailesi ndi mafoni pakhomo la msika.

Kumbuyo kwawo abambo a bawo, aja amakhala pansi pa mtengo wa mango tsidya la msewu. Asamuka onse anayi, bawo lomwe anyamula. Akuti mthunzi wa muno ndi wabwino ndipo pali choonera.

Bwanji osangomuimbira tekiniku? Wafunsa mmodzi wa iwo, ine n'kuyamika mumtima. Amalume: "Mwana wa dzulodzulo uja? Amene anandiuza pamaso pa anthu kuti sindimva? Ine ndinaphunzira ukalipentala ku Malawi iye asanabadwe."

Basi yatha imeneyo.

Che Amidu ayala zida zawo pa kapulana, chitenje chakale:
zomasulira parafuzu (timisomali topota tija) zisanu ndi ziwiri,
mswachi wothothoka,
kabotolo ka gazolina (petulo),
galasi loonera tinthu tating'ono,
mtedza wokazinga.

Tekiniku anandiuza chinthu chimodzi kawiri, akundiyang'ana m'maso mpaka ndinayang'ana pansi. Ukazimitsa magetsi, dikira mphindi khumi usanagwire m'kati mwa kabokosi. Mumatsala moto wobisala.

Amalume azimitsa. Che Amidu atsegula nthawi yomweyo, akutafuna mtedza. Mumtima ndikukuwa, dikirani, dikirani! Pakamwa patuluka kachifuwa. Mmodzi wa a bawo wandiyang'ana n'kuti utuchiwu udzamupha mwanayu.

Phaa!

Moto wa buluu. Fungo la mphira wopsa. Che Amidu akhala pansi mu utuchi, miyendo m'mwamba, chomasulira chagwera m'bawo n'kumwaza nkhomo zonse. Mkangano wa nkhomo watenga nthawi yaitali kuposa kuwadzutsa Che Amidu.

Atadzuka, akudzikutumula: "Kali ndi mkwiyo kameneka. Ndikakaone kunyumba, kumene kulibe maso a anthu."

Dzulo kabokosi kanali kudwala. Lero kafa, ngakhale zilembo zofiira zija sizikuyaka. Akamanga ndi mphira pakaliyala, kapita kakudumpha m'maenje a msewu wa kumsika.

Ndasesa. Ndasesanso.

Chitseko: maluwa awiri ndi theka. Dzino lili chiimire pakati pa duwa lachitatu ngati munthu woiwala chimene amafuna kunena. Ndikulimvetsa.

Dongosolo latsopano: kumaliza Lachinayi.

Lachitatu

Sindinagone bwino, kutentha. M'mawa mutu ukulemera ngati ndasenza ndowa.

Kabokosi kabwerera m'jumbo, kakununkha gazolina. Pamodzi ndi iko, bokosi la machesi. M'kati mwake tinthu titatu ta miyendo iwiriiwiri. Che Amidu: "Iti tinali tongowonjezera." Sanakhalitse, akuti akudikiridwa ndi wailesi ya sheikh.

Cha m'ma 10 afika a Mateyu a kuchigayo, oyera ufa kuyambira nsidze mpaka nsapato. Azungulira makina kawiri, manja kumbuyo. Agogoda mota ndi chala.

"Mota ndi mota. Yanga ya chigayo ilibe kabokosi, koma ikupera tsiku ndi tsiku. Tingolumikiza mawayawa ku khoma, basi. Tabokosi timeneti amaikamo kuti muzigula."

A bawo onse avomera. Amalume nkhope yawala.

Chinthu chachiwiri chimene tekiniku ananena: mota iyi ukailumikiza ku khoma popanda kabokosi, ipsa usanamalize kupuma. Ndipo mota ndiyo mtima wa makina onse.

Ndagwadanso. Lero ndafika patali. "Amalume, motayi..."

"Zoona, alendo sanamwe madzi. Wachita bwino kukumbukira."

Ndabweretsa madzi. Akumwa, atatembenukira kunja kuonerera mbuzi ya eni ake ikulimbana ndi jumbo, ine ndakwera pakampando ngati ndikupukuta fumbi. Pamutu pa mota pali kapulagi kozungulira kolowetsa waya. Ndakamasula pang'ono, kuti kazioneka kolowa koma kasakhudze.

A Mateyu asenda mawaya ndi mano. Alumikiza. Auza aliyense aime patali. Ayatsa.

Zii.

Ayatsanso. Zii. Amenya mota ndi chikhatho. Zii.

Ndapulumutsa mota! Ndatsala pang'ono kumwetulira.

A Mateyu, akupukuta manja: "Pepani akulu. Nayo mota yafa. Loweruka ndibwera ndi nyundo, tiitsegule, ndiikulunge waya watsopano ngati wa kuchigayo."

Amalume akhala pa chipika. Sanadye masana. Angoyang'ana makina, kenako ayang'ana pakona pamene pankaima njinga yamoto ija. Ine ndi amene ndawachita zimenezi, ndipo sindingathe kuwauza popanda kuwauza zonse.

Onse atachoka ndamanganso kapulagi. Mota ili moyo, wodziwa ndine ndekha.

Zimene ndakwanitsa lero:
madzi, makapu asanu ndi awiri;
bodza limodzi, lopanda mawu.

Lachinayi

Kwachita chifunga cha fumbi, mphepo yotentha ikulowetsa masamba m'ofisina.

Amayi atumiza mawu pafoni ya amalume, iwo n'kutsegula mokweza anthu onse akumva. "Muuzeni mwanayo kuti mbewu ndasankha kale. Khasu lake ndaliika mpini watsopano. Ndiponso mphunzitsi wofuna banja uja wafunsanso za iye." A bawo aombera m'manja. Ndinafuna kulowa pansi pa tebulo la makina.

Amalume aganiza zogula kabokosi katsopano. Aimbira msuweni wawo, a Zakariya, ogulitsa nsapato ku Nampula. Nsapato! Awauza apite kusitolo ya zamagetsi lero lomwe, atumize pa basi ya ku Cuamba, kuchokera uko pa shapa, kaminibasi kathu ka kuno.

Kuti a Zakariya asasokoneze, amalume ajambula kabokosi kakufako. Ajambula kumaso kwake, kumene kuli mabatani. Ajambula katatu, kamodzi iwo eni ali pambali.

Koma chofunika chili m'mbali! Kachikwangwani kasiliva, kolembedwa manambala. Apo pakuti 220, mphamvu ya magetsi athu. Kabokosi kena kalikonse kayenera kunena chimodzimodzi.

Pakamwa pandikanika kawiri, ndiye ndaganiza zanzeru. Ndang'amba pepala kumapeto kwa kaderno yomwe ino, kope langa lolembamo. Ndalemba ndi zilembo zazikulu:

AMALUME JAMBULANI M'MBALI PALI MANAMBALA. MOTA SINAFE. VUTO LINALI KAVENTUINYA.

Ndaliika pabenchi lawo, ndatsamiza ndi pensulo yawo ya kukhutu. Ndabwerera kotsache.

Alipeza. Alitembenuza. Alitalikitsa, aliyandikitsa. Apapasa m'thumba la malaya. Magalasi aiwala kunyumba!

"Iwe, maso ako ndi atsopano. Tawerenga ichi."

Pali a bawo anayi. Pali Che Amidu, abwera kudzaona maliro a ntchito yawo. Pali mayi wina wodzafunsa mtengo wa mpando. Maso onse pa ine. Pepala langa lomwe, zilembo zanga zomwe, zikuvina m'manja.

Ndawerenga kuti: "Misomali ya mainchesi atatu yatha."

"Walemba ndani?"

"Kaya."

Andituma kumsika kukagula misomali. Ndayenda padzuwa lonse lija, kupita ndi kubwera. Pothira m'chitini ndapeza chili chodzaza kale mpaka pakamwa, yotsalayo ndaika m'kapu ya tiyi.

Zithunzi zapita ku Nampula. Pepala amalume apindira mwendo wa benchi, akuti unali kugwedera.

Dongosolo: kabokosi kakafika Loweruka masana, maluwa atatu ndi theka ndi maola anayi. Zitheka. Mwina a Zakariya ali ndi mwayi. Mwina wa m'sitoloyo afunsa mafunso.

Miyendo ikuwawa.

Lachisanu

M'mawa wonse kukwecha miyendo ya mipando ndi lisha, pepala lokhakhala lija, mpaka zala zasalala ngati za mwana. Popanda phokoso la makina aliyense wolowa akundipatsa moni, ndipo moni wake wautali. Kunyumba ali bwanji, amayi ali bwanji, ku Chiuta mvula yagwa? Ndayankha anthu khumi ndi mmodzi. Ndatopa kuposa tsiku lonyamula matabwa.

Masana ofisina yakhala yanga. A bawo atatu apita kumzikiti, wachinayi wagona pansi pa mango poti alibe womenya naye. Amalume apita ku Entre Lagos kukaona matabwa.

Ndatulutsa kabokosi kakufa m'jumbo. Ndakatembenuza. Kumsana kwake Che Amidu sanafikeko n'komwe, tiparafuzu tinayi tili ndi fumbi lake lakale.

Ndamasula. Zimene ndapeza mu kaventuinya:
utuchi woumbika gwa, ngati chigumu chogonera;
ulusi wa thumba;
nalimata mmodzi, wouma, wathunthu, maso ali kumwamba.

Ndachotsa ndi kamtengo ka machesi ndi nthenga ya nkhuku. Ndapemerera ndi pakamwa. Kazungulira! Fiii, kanyimbo komwe kaja.

Ntchito yonse sinatenge nthawi yowiritsa madzi a tiyi.

Ndakhala pansi, kabokosi pamiyendo. Ndikanachita izi Lolemba m'mawa anthu asanafike, osapempha aliyense. Sindinaganizeko. Ndinkaona ngati chinthu cha ng'ombe ziwiri sungachitsegule usanagwade.

Nalimata ndamukwirira kuseri. Sindikudziwa chifukwa chake.

Cha m'ma 2 alowa Che Saidi, mkanjo woyera, akununkhira mafuta a kumzikiti. Aima pa chitseko chawo nthawi yaitali. Asisita maluwa awiri aja ndi chala, afika pa theka lija, aima.

"Mwanangu, amalume ako amalankhula zambiri. Iwe sulankhula, ndiye ndikhulupirira iwe. Chitha mawa?"

Ndagwedeza mutu.

Sindikudziwa kuti ndagwedezera mbali iti. Iwo amwetulira, andisiyira usipa wodzaza manja awiri pa pepala, apita akuyamika Mulungu.

Usipawo sindinadye. Ukundiyang'ana.

Loweruka

Mabingu kutali kuyambira m'mawa. Nyerere zikusamutsa mazira pakhomo.

Shapa ya ku Cuamba yafika 1 koloko itadutsa. Katoni yatsika pakati pa matumba a kabichi, anthu awiri kunyamula. Anthu awiri! Kabokosi kathu kaja ndimakanyamula ndi dzanja limodzi.

Mawu a a Zakariya pafoni: "Ofanana ndi a pachithunzi analipo, koma ndasankha lalikulu kuti lisakuvuteninso. Nsapato yothina ndi imene imang'ambika."

Bokosi lokongola, lakuda, lonyezimira. Amalume alisisita ngati mwana wa ng'ombe. A bawo akuti limeneli ndiye lachimuna. Che Amidu abwera ndi zomasulira zawo zonse zisanu ndi ziwiri. A Mateyu afika ndi nyundo, sipanala ndi mkombero wa waya paphewa, monga analonjezera.

Ine ndapendeka mutu ngati ndikutola kanthu pansi. Kachikwangwani ka m'mbali: 380.

Ndiye kuti silidzuka pa magetsi athu ngakhale ulipempherere.

Ndinati ndikhale chete, alumikize, alephere okha. Koma a Mateyu akwera pakampando kanga. Agwira mota ndi dzanja lamanzere. Akweza nyundo.

Sindinagwade. Sindinakonzekere. Zangotuluka, ndipo zatuluka mokuwa, mawu ngati a mayi woitana mwana kutsidya la dambo.

"SIYANI!"

Nyundo yaima m'mwamba. Wa bawo wina nkhomo zamugwa m'manja.

Kenako zonse, mothamanga, ndikuyang'ana tsache:
kuti mota sinafe, ndinamasula kapulagi ndine;
kuti bokosi latsopanoli ndi la 380 ndipo ife tili ndi 220;
kuti kakale kaja kanapsa chifukwa sanadikire mphindi khumi;
kuti tinthu ta m'machesi tija sitinali tongowonjezera;
kuti misomali sinathe;
kuti vuto lonse linali nalimata.

Wamkulu mwa a bawo aja, chapansipansi: "Kodi amalankhula?"

A Mateyu atsika pakampando, akuti mzere wa kuchigayo watalika. Che Amidu akumbukira wailesi ina. Atsala a bawo, poti iwo manyazi alibe.

Amalume: "Unadziwa liti?"

"Sabata ziwiri zapitazo."

"Nanga osanena?"

"Ndimati ndikagwada, mumati tiyi."

A bawo aseka mpaka wina kutsokomola. Amalume sanaseke. Achotsa chipewa, achiyang'ana m'kati, achivalanso. Asolola pepala lija pansi pa mwendo wa benchi, lero magalasi ali nawo, awerenga milomo ikuyenda. Kenako atulutsa foni, afufuza nambala imene ankati anaifufuta, aimba, n'kundipatsa ine.

Ine! Pafoni! M'Chipwitikizi cha kalasi ya 6!

Ndawerenga manambala onse a pa kachikwangwani kakale, limodzilimodzi, thukuta likutsika kumsana. Tekiniku wandikumbuka, akuti ndiwe wa tsache uja. Akuti ndachita bwino za mota. Akuti ka 220 koyenera mota yathu ku Nampula panopa kulibe, aitanitsa ku Maputo, lalikululi tilibweze. Mwezi umodzi. Mwina iwiri.

Ndawauza amalume. Angoti, "Mm."

Atsegula bokosi lawo lakale lamatabwa, limene anabwera nalo kuchokera ku Malawi. Atulutsa matchizulo okulungidwa m'nsanza ya mafuta. Tatsitsa chitseko patebulo la makina, tachigoneka pabenchi. Iwo kusema, ine kugwira ndi kupemerera utuchi. Sitinalankhulane mpaka dzuwa kulowa. Ko, ko, ko.

Maluwa anayi ndi theka. Che Saidi atumiziridwa mawu kuti abwere mawa m'mamawa.

Pakhosi pakuwawa. Kukuwa kamodzi kokha!

Lamulungu

Yagwa. Inayamba m'bandakucha, yamphamvu, yonunkhira dothi. Anthu onse mumsewu akusangalala. Chabwino.

Tinamaliza chitseko kutangoyera, kutchalitchi sitinapite. Maluwa anga awiri akumwamba ndi ofanana ngati mapasa. A amalume atatu akumunsi, lina lalikulu, lina lopendama, lina likufanana ndi kabichi. Lachitatu lija, theka langa theka lawo, likuoneka ngati linalumidwa ndi mbuzi. Koma amalume posema ankaimba chapansipansi. Chaka chonse sindinawamvepo akuimba.

Che Saidi abwera ndi njinga ziwiri ndi lona wotchinga mvula. Ayang'ana kumwamba, ayang'ana kumunsi. Ayang'ana ine. Ndayang'ana zala za kumapazi.

"A m'munda nawonso safanana," atero. Achimanga, apita nacho m'matope, ukwati sudikira.

Amayi aimba kawiri. Kwawonso yagwa, akuti mawa anthu akudzala.

Ndinali ndi kachiyembekezo kakang'ono, ndivomere. Ndimati mwina amalume anena kuti khala, uzigwira matabwa. Sananene. Mawu awo a Lolemba ndi omwewo, Kompyuta sinadzuke, ndipo mlongo wawo anamulonjeza manja. Mwini mbumba sabweza mawu chifukwa cha nalimata.

Zimene ndamanga m'thumba:
makapulana atatu;
nsapato za pulasitiki;
kaderno ino;
usipa wa Che Saidi, ndikapatse amayi, ine ukundikanikabe.

Masana andiitana ku ofisina, mvula ikuwaza. Ndapeza makina afunditsidwa lona. Pa kabati ya pambali akhomera chitsulo, apachika loko watsopano, wonyezimira. Anagula liti, sindikudziwa. Atseka, akoka kawiri kuyesa, andipatsa makiyi onse awiri.

Ndati, "Imodzi isatsale?"

"Ikatsala nditsegula. Akabwera a Mateyu ndi nyundo yawo ndiziti mwini wake kulibe, ali kumunda. Kabokosi kakafika ndituma wa njinga akakutenge."

Atero akuyang'ana denga, ngati akuwerenga podontha.

Makiyi ndamanga pa ngodya ya kapulana, mfundo ziwiri. Akundigunda pa ntchafu ndikamayenda.

Ndiye mawa shapa ya m'mawa, kenako wapansi kuchokera pamsewu. Mwezi umodzi, mwina iwiri. Kudzala, kupalira, mwinanso kubandira. Amayi aang'ono atatu. Mphunzitsi uja.

Ndipita. Ndikalima.

Ndamaliza kulemba Lamulungu, 4 koloko madzulo, mvula ikadagwa, ndipo denga likudonthera pathumba langa lomwe.